Katswiri wa Maganizo Amavomerezedwa Bwanji? Funso la ku Kayelekera Mliri Utatha

Msewu wochokera pa boma la Karonga kupita ku Chitipa umakwera mapiri, ndipo mukayenda makilomita pafupifupi 50 mumafika m'dera la Kayelekera. Amalawi ambiri amalidziwa dzinali chifukwa cha mgodi wa yureniyamu umene kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mu 2009. Chaka chomwecho mu Disembala nthaka ya Karonga inagwedezeka mobwerezabwereza kwa milungu iwiri, nyumba zambiri zinagwa, anthu n'kumagona panja m'nyengo ya mvula poopa kuti zipupa ziwagwera ali m'tulo. Mtengo wa yureniyamu utatsika kutsatira ngozi ya ku Fukushima ya mu 2011, mgodiwo unaima mu 2014 ndipo anthu ochuluka ntchito inawathera. Mu Marichi 2020 kampani ya Lotus inagula mgodiwo, ndipo pa 20 mwezi womwewo Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha mliri wa COVID-19. Mgodi unadzayambanso kugwira ntchito mu 2025.

Dera limene laona chivomezi, ndalama zobwera mwadzidzidzi, kutha kwa ntchito ndi mliri m'zaka zochepa chonchi silisowa anthu osagona tulo, omwa mowa mopitirira muyeso, olira maliro osatha mumtima, ndi ena amene moyo wawakwana. Abale akamutenga munthu wotere kupita naye kwa wina amene akudzitcha katswiri wa maganizo kapena mlangizi, alibe njira yoyesera ngati akuidziwadi ntchitoyo. Dokotala wa mafupa akalakwitsa, mwendo umaoneka kuti wapindika. Mlangizi akalakwitsa, wodwala amangosiya kubwera, kapena amabwerera kunyumba atasweka mtima koposa mmene anabwerera, ndipo palibe amene angaloze pamene panalakwika. N'chifukwa chake pali mabungwe amene ntchito yawo ndi kufunsa mafunso m'malo mwa wodwalayo, iye asanafike n'komwe pakhomo la chipatala.

Amene amasaina

Ku Malawi sukulu zaukachenjede zimayang'aniridwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, limene ambiri amangolitchula kuti NCHE. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, pa nthawi imene mayunivesite omwe si aboma ankachuluka mofulumira. Bungweli limalembetsa sukulu, kenako limaunika maphunziro amodziamodzi: aphunzitsi alipo angati ndipo anaphunzira mpaka pati, laibulale ili ndi chiyani, silabasi ikukwana kapena ayi, mayeso amalembedwa ndi kuchongedwa motani. Zotsatira zake zimalengezedwa poyera, ndipo pakhala nthawi zimene maphunziro ena sanavomerezedwe, makolo atalipira kale fizi. Koma NCHE imavomereza maphunziro, sipereka chilolezo chogwira odwala. Chilolezo chimenecho chimachokera ku mabungwe a ntchito zachipatala. Madokotala ndi ma clinical officer amalembetsa ku Medical Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987, pamene anamwino ali ndi bungwe lawo la Nurses and Midwives Council.

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka, chifukwa ogwira ntchito za maganizo ali m'magulu angapo. Wachinyamata amene watenga digiri ya saikoloje ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba waphunzira mmene munthu amaganizira, mmene mwana amakulira, ndi mmene kafukufuku amachitikira. Maphunziro amenewo ndi enieni, koma digiri yoyamba payokha simupanga munthu kukhala wochiza. Kuti afike pothandiza odwala ngati clinical psychologist amafunika digiri yachiwiri yokhala ndi miyezi yambiri yogwira ntchito m'chipatala pansi pa womuyang'anira, ndipo kwa nthawi yaitali Amalawi ankapita kunja kukapeza maphunziro otere. Pulofesa Chiwoza Bandawe, amene waphunzitsa madokotala ambiri ku Blantyre ndiponso amalemba za umunthu ndi maganizo m'nyuzipepala, ndi mmodzi mwa anthu amene anakaphunzira ku South Africa. Dokotala wa matenda amisala ndi winanso: iyeyo amayamba wakhala dokotala, kenako amaonjezera zaka zina, ndipo masiku ano maphunzirowo akupezeka ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inaima payokha mu 2021.

Kwa munthu wa ku Kayelekera, dzina loyandikira kwambiri ndi la Saint John of God ku Mzuzu. Abale achikatolika a chipanichi anafika mumzindawo m'zaka za m'ma 1990 n'kutsegula chipatala cha matenda a maganizo, kenako koleji imene imaphunzitsa ma clinical officer ndi anamwino a matendawa komanso alangizi, mogwirizana ndi Yunivesite ya Mzuzu. Chisanatsegulidwe chipatalachi, wodwala wa kumpoto amene wadwalika ankayenera kutengedwa mpaka ku Zomba Mental Hospital, ulendo wodutsa pafupifupi dziko lonse. Ngakhale lero, kuchokera ku Kayelekera kukafika ku Mzuzu ndi kutsika kaye ku Karonga, kutsata nyanja, kukwera phiri la Chiweta, makilomita oposa 250. M'zipatala za m'maboma ntchito ya matenda a maganizo yagona kwambiri pa namwino ndi clinical officer amene anaphunzira za matendawa, ndipo ndi iwowo amene amayenda kuzipatala zing'onozing'ono galimoto ndi mafuta zikapezeka.

Zimene buku siliphunzitsa

Pa zonse zimene ounika amafunsa, chovuta kuchinamizira komanso chodula kwambiri ndi ntchito yoyang'aniridwa, imene ophunzira amaitchula kuti attachment. Poyamba wophunzira amakhala pambali n'kumaonerera mkulu wake akucheza ndi wodwala. Kenako amasinthana, iye n'kuyamba kufunsa, mkuluyo akumvetsera. Pambuyo pake amaona odwala yekha, koma mlungu uliwonse amakhala pansi ndi womuyang'anira, kufotokoza zimene wamva, zimene wanena ndi zimene akuganiza kuchita. Zonsezi zimalembedwa m'kaundula wake, woyang'anira n'kusaina. Mwana wa msodzi wa ku Ngara sayamba kupalasa bwato yekha pakati pa nyanja. Mkulu amakhala m'bwato momwemo mpaka atakhutira kuti mwera ukadzuka mwanayo sasokonezeka.

Zolakwa zimene zimagwidwa m'miyezi imeneyi sizioneka pa pepala la mayeso. Pali wophunzira amene salola wodwala kumaliza chiganizo, amathamangira kupereka malangizo. Pali amene amasandutsa chipinda cha uphungu kukhala guwa, kulalikira munthu amene anabwera kudzamvedwa. Ambiri amaopa kufunsa mwachindunji ngati munthu akuganiza zodzipha, poganiza kuti funsolo limudzutsira maganizowo, chonsecho kufunsa sikumuika munthu pangozi, kumam'patsa mpata wolankhula. Ena saona kuti kubwebweta kwa wodwala kwayamba ndi malungo a mu ubongo, khunyu, kapena kusiya mowa mwadzidzidzi, zinthu zofunika mankhwala lero lomwe osati kucheza. Ndipo alipo amene madzulo amakafotokozera anzawo nkhani ya wodwala ngati nthabwala. Wophunzira akhoza kukhoza mayeso onse ali ndi zizolowezi zimenezi, pokhapokha wina atamuona akugwira ntchito.

Mwambo woyendera sukulu zophunzitsa akatswiri a maganizo unabadwa pambuyo pa tsoka. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali a ku America anabwerera kwawo ambiri atasokonezeka maganizo, ndipo nthambi ya boma yosamalira asilikali opuma inafuna akatswiri ochuluka mwachangu. Posafuna kulemba ntchito aliyense wonyamula pepala, inapempha bungwe la American Psychological Association kuti linene mayunivesite amene maphunziro awo ndi odalirika. Kuunika kunayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo msonkhano wa ku Boulder m'chigawo cha Colorado mu 1949 unagwirizana kuti katswiri azikhala wodziwa kafukufuku komanso wodziwa kuthandiza odwala. Nthawi ya tsoka ndi imene akatswiri amafunika ambiri, ndiponso ndi imene anthu osaphunzira mokwanira amalowerera mosavuta.

Mliri unamasula malamulo

Sukulu zonse za m'Malawi zinatsekedwa pa 23 Marichi 2020, dziko lisanapeze wodwala woyamba wa COVID-19, amene analengezedwa pa 2 Epulo. Zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala, n'kutsekedwanso mu Januwale 2021 pamene mliri unabweranso mwamphamvu n'kupha nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, tsiku limodzi. Mayunivesite anayesa kuphunzitsa pa intaneti. Wophunzira amene kwawo ndi ku Area 47 ku Lilongwe ndi amene kwawo ndi kumapiri a Karonga sanalandire phunziro lofanana, chifukwa wina anali ndi laputopu ndi magetsi pamene mnzake ankawerengera bandulo pa foni yotchajitsa pa golosale. Koma chimene chinavulala kwambiri ndi attachment, popeza zipatala zinachepetsa anthu olowa ndipo ophunzira anali kwawo.

Mayiko olemera anakumana ndi vuto lomweli, ndipo mabungwe awo anafewetsa malamulo poyera. Ku America lamulo linkati wophunzira amene ali m'chaka chake chogwira ntchito m'chipatala aziyang'aniridwa maola osachepera 4 pa mlungu, 2 mwa maolawo akhale iye yekha ndi womuyang'anira, ndipo gawo lochitikira pa foni kapena pa vidiyo lisapitirire theka. Mliri utabwera malirewo anamasulidwa, ndipo ngakhale maulendo oyendera sukulu anayamba kuchitikira pa kompyuta. Ku South Africa bungwe la Health Professions Council linasintha malangizo ake mu 2020 kuti akatswiri azitha kuthandiza odwala pa foni ndi pa vidiyo mosavuta kuposa kale. Bungwe la World Health Organization litalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 sinalinso ngozi yapadziko lonse, ndipo America itathetsa nyengo yake ya ngozi pa 11 Meyi, mabungwe onsewa anatsala ndi funso loti pa zimene zinaloledwa chifukwa cha mliri, n'ziti zibwerere mwakale ndipo n'ziti zikhale.

Kuphunzitsa za m'buku pa intaneti sikufuna mkangano wautali. Kumatheka bola netiweki ndi magetsi zilipo, ndipo Yunivesite ya Mzuzu ili kale ndi malo ophunzirira a anthu ophunzira ali kutali ku Karonga komweko. Kuyendera sukulu pa kamera ndiye sindikukhulupirira. Kamera imaonetsa chimene woinyamula wafuna kuonetsa. Wounika amene wafika yekha amatha kukhota kulowa m'chipinda chimene sanamukonzere, kutsegula kaundula wa wophunzira aliyense, kapena kucheza ndi ophunzira aphunzitsi palibe, n'kumva kuti mphunzitsi amene dzina lake lili pa mndandanda amaonekera kawiri pa teremu chifukwa akuphunzitsanso m'makoleji ena atatu. Zimenezi zibwerere mwakale ndithu.

Nkhani ya kuyang'anira wophunzira pa foni ndi ina. Ku America anthu amaiona ngati kutaya kanthu kena chifukwa chofuna kupeputsa zinthu. Kuno ikhoza kukhala njira yokhayo yofikitsira ophunzira kumadera ngati Karonga. Akatswiri oyenera kuyang'anira ophunzira ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ambiri ali ku Zomba, Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Lamulo likanena kuti woyang'anira azikhala m'nyumba imodzi ndi wophunzira mlungu uliwonse, ndiye kuti attachment yonse izichitikira m'mizinda inayi yomweyo, ophunzira n'kuzolowera odwala a m'tauni, akamaliza n'kufuna ntchito komweko. Boma la Karonga, lokhala ndi anthu oposa 360,000 malinga ndi kalembera wa 2018, limakhala likudikira.

Chonsecho zimene wophunzira angakumane nazo ku Karonga sangazipeze mu wodi ya ku Zomba. Choyamba ndi chilankhulo: m'boma limeneli anthu amalankhula Chinkhonde, Chitumbuka, Chinyakyusa, Chilambya ndi Chindali, ndipo munthu amene akufotokoza za imfa ya mwana wake safuna kuchita kufunafuna mawu a Chichewa. Wophunzira amayenera kuphunzira kugwira ntchito ndi womasulira, podziwa kuti womasulirayo mwina ndi wapamudzi wa wodwalayo ndipo pali zina zimene sizinenedwa iye ali pomwepo. Amakumana ndi mabanja amene anayamba apita kovinitsa vimbuza, gule wamachiritso wa Atumbuka amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo ayenera kudziwa kulankhula nawo mopanda kunyoza komanso mopanda kuchedwetsa mankhwala pamene akufunika. Amakumananso ndi nkhani imene yavutitsa Karonga kwa zaka zambiri, ya okalamba amene amamenyedwa kapena kuphedwa powaganizira ufiti, mchitidwe umene Episkopi Martin Mtumbuka wa dayosizi ya Karonga wakhala akuudzudzula poyera. Agogo amene ubongo wawo wayamba kutha ndi ukalamba amaiwala njira ya kwawo, amayenda usiku, amapezeka pakhomo pa eni ake m'bandakucha, ndipo akafunsidwa mokakamizidwa amavomera chilichonse. Mlangizi amene angathe kufotokozera mfumu ndi abale kuti awa ndi matenda akhoza kupulumutsa moyo. Luso limenelo liyenera kuwerengedwa m'kaundula wa wophunzira mofanana ndi kudziwa kuyeza nzeru za mwana.

Masatifiketi a masiku asanu

Mliri, kolera imene inayamba mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, ndi namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 zinabweretsa gulu lina la othandiza. Mabungwe anaphunzitsa aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, atsogoleri a mipingo ndi anthu ongodzipereka mmene angathandizire munthu amene wangokumana ndi zoopsa: kumuteteza, kumumvetsera osamukakamiza kulankhula, ndi kumulumikizitsa ndi abale, chakudya kapena chipatala. Njirayi ili m'buku limene World Health Organization inatulutsa mu 2011 mogwirizana ndi mabungwe ena, ndipo imaphunzitsidwa m'masiku ochepa. Ndi yabwino pa ntchito yake. Vuto limabwera ngozi ikatha, polojekiti itatseka, munthu atatsala ndi satifiketi yosonyeza kuti anakhala nawo pa maphunziro, iye n'kuyamba kuitenga ngati chiphaso chotsegulira ofesi ya uphungu. Satifiketi yotere imangochitira umboni kuti munthu anakhala m'holo. Sinena ngati wina anamumvapo akucheza ndi wodwala.

Si kuti anthu wamba sangathandize. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo a ku Mbare mumzinda wa Harare kukhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumathandiza anthu ovutika maganizo kuthetsa mavuto awo limodzilimodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pa benchi imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, anapeza bwino kuposa amene analandira thandizo la masiku onse, ndipo njirayi yayesedwanso ku Malawi. Koma agogowo sanasiyidwe okha. Anali ndi owayang'anira, ndipo ankadziwa nthawi yotumiza munthu kwa namwino. Chimene chinagwira ntchito ndi maphunziro aafupi pamodzi ndi kuyang'aniridwa kosalekeza, ndipo gawo lachiwirilo ndi limene limayamba kudulidwa ndalama zikachepa.

Pali njira yoyesera luso imene ikuyenera dziko ngati lathu. World Health Organization ndi UNICEF anakonza dongosolo lotchedwa EQUIP, mmene wophunzira amacheza ndi munthu woyerekeza kukhala wodwala, wounika n'kumachonga zinthu zooneka: kodi walonjeza chinsinsi ndi kufotokoza malire ake, kodi wafunsa za kudzipha, kodi wanyoza kapena kuweruza, kodi wadula mawu. Ubwino wake ndi woti umayesa zimene munthu amachita osati maola amene wakhala pampando, ndipo umagwira zizolowezi zovulaza zisanafike kwa wodwala weniweni. Sungalowe m'malo mwa attachment, koma umathandiza pa funso limene mliri unasiya: wophunzira amene anataya miyezi ya m'chipatala mu 2020 ndi 2021 kodi anafika pa muyeso kapena anangodutsa chifukwa kalendala inatha?

Ku South Africa, clinical psychologist akamaliza digiri yachiwiri ndi chaka chogwira ntchito moyang'aniridwa, amagwiranso chaka china m'zipatala za boma asanaloledwe kuima payekha, ndipo chaka chimenecho chimafikitsa ena kumadera akumidzi. Malawi, amene kwa zaka zoposa 70 ankayendera lamulo la atsamunda la mu 1948 pa nkhani za odwala maganizo mpaka Nyumba ya Malamulo inadutsa latsopano mu 2025, akhoza kutengapo phunziro. Ine ndingakonde kuona ounika akufunsa koleji iliyonse kuti ndi ophunzira angati amene anachita attachment kunja kwa mizinda, anayang'aniridwa ndi ndani, ndipo ndi kangati pamene woyang'anirayo anamva ndi makutu ake wophunzira akucheza ndi wodwala. Foni ya mlungu uliwonse imene wophunzira amangonena kuti zonse zili bwino si kuyang'anira. Pamafunika munthu pamalopo, kaya ndi namwino wa matenda a maganizo wa pachipatala cha boma, amene angalowe m'chipinda wodwala akayamba kuopsa, komanso ulendo wa katswiri wochokera ku Mzuzu nthawi ndi nthawi. Mafuta a ulendowo ndi mayunitsi a foni ziyenera kuoneka mu bajeti ya koleji, chifukwa zikasiyidwa m'thumba la wophunzira sizichitika.

Kuti katswiri wa ku Mzuzu amve wophunzira amene ali ku Karonga, nthawi zambiri pafunika kujambula mawu a zokambiranazo n'kuwatumiza. Apa pakubuka vuto limene malamulo akale a maphunziro sanaliganizire. Wodwala ayenera kuvomera kujambulidwa atamvetsa bwino kuti amene adzamve ndi ndani ndiponso kuti mawuwo adzafufutidwa liti, ndipo akakana asataye thandizo. Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wa munthu la mu 2024, limene limaika nkhani za umoyo m'gulu lofuna chisamaliro chapadera. Koma foni ya wophunzira imabwerekedwa ndi achibale, imasiyidwa potchajitsa, ndipo uthenga wa pa WhatsApp umalowa m'gulu lolakwika ndi chala chimodzi. M'dera ngati Kayelekera, kumene wogwira ntchito pa mgodi, mkazi wake, kapitawo wake ndi wogulitsa mowa onse amadziwana mawu, munthu amene wanena kuti amamwa asanalowe shifiti akhoza kutaya ntchito chifukwa cha kachidutswa ka mphindi ziwiri. Koleji yofuna kuloledwa kuyang'anira ophunzira ake patali iyenera kuonetsa ounika foni kapena makina amene mawuwo amasungidwamo, amene ali ndi chilolezo chowatsegula, ndi tsiku limene amafufutidwa.